Digiri ya mphwanga ili pa sikelo

Kwathu kuno kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, mwana sasankha yekha ntchito. Amamusankhira ndi atsibweni ake. Atsibweniwo ndine, munthu amene ndinatsanzikana ndi sukulu mu Sitandade 8 mayeso atandikana.

Mphwanga atakhoza MSCE, tinayala mphasa kuti tidzaze mafomu a NCHE. Ine ndinati udokotala, poti msana wangawu ukufuna munthu wakewake. Mayi ake anati uloya, chifukwa mlandu wa malire a dimba wakhalitsa kwa amfumu. Agogo ake anati ubusa, abusa sagona ndi njala. Mwiniwake atati akufuna za kompyuta, tinamuuza kuti ana asamalowerere nkhani za akuluakulu.

Mayina atatuluka, anamutenga ku Bunda. Za ulimi! Ine kugulitsa mbuzi kuti mwana athawe khasu, yunivesite n'kumubwezera kukhasu komweko, atasenzanso ngongole ya Loans Board.

Atamaliza, tinajambulitsa atavala mkanjo uja, n'kuyamba kumwaza makalata. Kulikonse akufuna munthu amene wagwirapo kale ntchito zaka zingapo. Zakazo amagulitsa kuti, kuti ndikapikuleko? Mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, achinyamata 221 anakwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Ndinamuuza kuti nayenso alembetse.

"Atsibweni, suja munkati khasu ayi?"

"Iwe, khasu lokwerera ndege ndi lina."

Sanapite. Pano ali pa Mponela ndi sikelo, akugula soya ndi mtedza, pambali pali kabenchi ka Airtel Money ndi Mpamba. Sanafunse munthu, ndipo zikumuyendera, zomwe zimandiwawa pang'ono.

Nditakolola, ndinamupititsira thumba la soya, pamtima ndikuti mwana wa mlongo wanga andiganizira. Anapisa dzanja, n'kuluma kanjere kamodzi, n'kupukusa mutu.

"Atsibweni, soya wanuyu sanaume. Ndikachotsa chinyezi ndi zinyalala, atsala makilogalamu 43."

Ndinati ndilankhule, iye n'kuyamba kundifotokozera za chuku ndi kasungidwe ka mbewu, zonse za ku Bunda, zolipiridwa ndi mbuzi zanga. Ndalama ananditumizira pafoni, akuti ndi zamakono. Pokatapa pabenchi lake lomwelo, foni inadulanso yake.