Saluma Ameneyo, Ingolowani

Mageti a m'matauni athu ndi abodza. Yendani ku Chilomoni, ku Namiwawa kapena ku Area 47 muwerenge zomwe alemba pazitsulozo: CHENJERANI NDI AGALU OLUSA. Ena amafika pojambulitsa chilombo cha mano pamtunda, malovu ali chuchuchu. Koma mukasuzumira pakabowo ka loko mupeza kagalu ka nthiti zowerengeka katagona pansi pa mpapaya, ntchentche zikukadya makutu. Kakakuonani kamagwedeza mchira poganiza kuti mwina ndinu mwabwera ndi mkute.

Galu wa m'tauni ndi mlonda wopanda malipiro. Masana onse amatsekeredwa m'kakhola ka malata kuti akhale waukali, usiku n'kumutulutsa kuti akalimbane ndi akuba m'mimba muli pululu. Wakuba akaponya nyama yothira tameki, galu wanjala angakane bwanji? M'mawa bwana adzuka, batire ya galimoto palibe, galu ali gone pafupi ndi mpope, ndipo mawu a maliro ake amakhala akuti, "Galu wopusa uyu."

Eni agalu amadziwika bwino pabenchi ya chipatala cha ziweto, makamaka Loweruka m'mawa. Odwala kumeneko amabwera mwaulemu. Ovuta ndi owaperekeza.

Abwana ena anatsika m'galimoto yaitali, makiyi akuwazunguza pachala. Galu anali kumbuyo, mutu uli pansi. Mtsikana wa pakauntala anatulutsa khadi.

"Dzina la galu, bwana?"

Bwana anayang'ana galu. Galu anayang'ana bwana. Zinaoneka kuti aka kanali koyamba kuonana dzuwa likuwala.

"Tadikirani." Anatulutsa foni. "Iwe, galu wamkuluyu timamuti ndani? Ayi, wofiirayu. Eya." Anatembenuka. "Akuti Tiger."

Atafunsidwa zaka, anaimbanso. Atafunsidwa kuti wayamba liti kukana chakudya, anaimbanso. Litafika funso la chimbudzi chomwe galuyo akuchita, bwana anangopereka foniyo kwa adokotala kuti amvane okha ndi mnyamata wa kudimba, yemwe anafotokoza zonse bwinobwino, mtundu wake ndi fungo lomwe. Iye ndiye ankadziwa kuti Tiger anasiya kudya Lachiwiri ndiponso kuti m'makutu mwake mwadzaza nkhupakupa zonenepa.

Adokotala anatukula mlomo wa galuyo, nkhama zili mbee. Kenaka anatenga choyezera kutentha kwa thupi, ndipo poti galu sapanira m'khwapa, anakweza mchira. Bwana anayang'ana kudenga. Tiger anayang'ananso bwana, ulendo uno ndi maso ofunsa kuti anamulakwira chiyani. Galu wabwinobwino amatentha madigiri 38 kapena 39. Uyu anapitirira 40. Adokotala anati ndi malungo a nkhupakupa, tizilombo tomwe timalowa m'magazi n'kumawaswa.

"Nkhupakupa? Kwanga? Adokotala, kwanga ndinaika simenti mpanda wonse!"

"Bwana, nkhupakupa siziwerenga nambala ya puloti. Munamusambitsa liti ndi dibi?"

Bwana anatulutsanso foni.

Wotsatira anali mnyamata wa magalasi akuda, wooneka kuti wangoyamba kumene ntchito. Galu wake anamugula pamsewu, kwa anyamata aja amaimika tiana ta agalu m'mwamba galimoto zikamadutsa. Anamulumbirira kuti, "Jemani weniweni uyu, abigi, mayi ake anachokera ku Joni." Miyezi isanu ndi umodzi yatha, mchira wapindikira kumsana, makutu ali lende ngati masamba a mpiru wadzulo, ndipo nkhuku ikadutsa Jemaniyo amachita zomwe agogo ake ankachita kwa Kunthembwe. Mnyamatayo anabwera kudzafuna jakisoni woimitsa makutu.

Adokotala anamuuza uthenga wabwino, kuti galuyo ndi wathanzi, wachikuda wangwiro. Mnyamata anagwira mutu. Bwenzi atamuuza kuti galuyo afa mawa, mwina akanapirira.

Chonsechotu anachita mwayi. Galu wachikuda amapirira dzuwa lathuli, amakhuta ndi nsima ya mgaiwa yothira bonya, sadwala chisawawa. Tiana tambiri ta pamsewuto timachotsedwa kubere tisanakhwime, topanda katemera aliyense, ndipo sabata isanathe timayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba za magazi. Adokotala amati Parvo. Katemera wake woyamba amabaya kagalu kakakwanitsa masabata asanu ndi limodzi, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi zomwe munthu amapereka pawindo la galimoto. Koma munthu wa m'tauni amatulutsa mpukutu wa ndalama pogula galu osanenerera, akamva mtengo wa katemera n'kuyamba kufunsa ngati palibe wotchipirako.

Kenaka panalowa banja. Mayi ndiye anali patsogolo, bambo akukoka agalu awiri, wamkazi ndi wamphongo. Mayiyo anati atopa. Wamkaziyo amaswa kawiri pachaka, bere lake ndi la miyezi iwiri yokha, ana amabwera asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, ndipo achibale onse, a kuchimuna ndi a kuchikazi, anapatsidwa kale galu mmodzimmodzi moti tsopano sayankha foni. Adokotala anati nkhaniyo ndi yapafupi: wamkaziyo amutseke, wamphongoyo amufule.

Bambo aja anapingasa miyendo.

"Adokotala, zimenezo ndi zosemphana ndi chilengedwe. Walakwa chiyani mnzathuyu?"

"Walakwa chiyani?" anatero mayi. "Sagona pakhomo. Amachoka dzuwa likangolowa, kubwera m'mawa ali ndi mabala thupi lonse, kununkha, n'kumafunanso chakudya." Anapuma pang'ono. "Ndikunena galu."

Adokotala anafotokoza kuti galu wofula sayendayenda, salimbirana akazi, motero sakumana kawirikawiri ndi agalu odwala kapena matayala a minibasi, koma kuuwa amauwa ndithu. Mayi anamvetsera mosamala kwambiri, n'kufunsa motsitsa mawu ngati opaleshoniyo ili ya agalu okha. Bambo anati aiwala kukhoma galimoto.

Sikuti agalu onse a m'tauni ndi ovutika. Pakona panakhala dona wina atafungatira kagalu koyera kaubweya wambiri, kotchedwa Princess, komwe ankakatchula kuti "mwana wangayu". Mwanayo anali wonenepa moti miyendo inkangooneka zala. Adokotala atafunsa chomwe amadya, dona anayala: soseji m'mawa, nkhuku yokazinga masana, keke akakhumudwa, ndi chokoleti Lamulungu. Mtsikana wantchito, amene ananyamula chikwama cha Princess, anamvetsera mndandandawo akumeza malovu. Adokotala anati chokoleti ndi chiphe kwa galu, chimodzimodzi anyezi wa m'ndiwo, ndipo analamula kuti zonsezo zithe lero lomwe.

"Ndiye mwana wanga azidya chiyani? Nanga zadzaza m'firiji zija?"

"Musataye, madamu," anayankha mtsikana uja mofulumira. "Ndiona chochita."

Anthu akuseka, analowa mayi wachikulire atanyamula thumba la ufa lomanga kukamwa. Anakhala pakati pabenchi n'kumasula. Munatuluka mutu wa mphaka wakuda bii. Benchi yomwe inali yothina inapezeka ndi malo okwanira anthu ena anayi. Dona anaphimba maso a Princess, ndipo abambo ena a taye anayamba kung'ung'udza kolasi. Galu wa bwana akhoza kuluma mudzi wonse anthu n'kumati ndi waukali, koma mphaka wa nkhalamba akangodutsa pamwamba pa mpanda ndiye kuti mwini wake amauluka usiku.

Mphakayo ndiye ankateteza matumba a chimanga a mayiwo kwa makoswe, ndipo ankamukonda. Ataona kuti wafooka anamubenthulira Panado. Kwa ife Panado ndi mankhwala a mutu, a msana, a ngongole ndi a banja lovuta. Kwa mphaka ndi imfa, chifukwa chiwindi chake sichitha kuwagaya. Nkhope inali itatupa kale. Adokotala sanadikire khadi, anamunyamula kuthamangira naye m'kati. Mwa onse amene anali pabenchipo, mayi okhawo ndi amene anafunsa ngati angaloledwe kugona pomwepo kudikirira wodwala wawo.

Adokotalawa ndimawamvera chisoni. Kale ofuna ntchitoyi ankakaphunzira kunja. Oyamba kuphunzira konkuno anamaliza ku Bunda, pansi pa LUANAR, mu 2019. Wodwala wawo sanena pomwe pakupweteka, ndipo akachira sathokoza, amaluma. Akapita kuukwati kumudzi, amalume amawaonetsa kwa alendo kuti, "Uyu ndi dokotala, koma wa agalu," kenaka n'kuwakokera pambali kufunsa kuti adzawakweza liti kuti ayambe kuona anthu.

Chonsecho anthu ambiri ali moyo chifukwa cha madokotala a agaluwa. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, pamodzi ndi a boma oona za ziweto ndi a bungwe loteteza zinyama la BSPCA, linabaya katemera wa chiwewe agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, kwaulere. Akatswiri amati agalu 70 pa 100 alionse akabayidwa, chiwewe chimasowa poyenda. Ku Lilongwe a bungwe lina loteteza zinyama la LSPCA amagwira ntchito yonga yomweyo.

Tsono pitani pabwalo la sukulu ya pulaimale tsiku la katemera muone amene amaima pamzere. Ndi ana okhaokha. Wina wamanga galu ndi linya, wina ndi waya wamagetsi, wina ndi lamba wa tchalitchi wa atate ake, ndipo kamtsikana kena kabereka kagalu kumbuyo ndi chitenje. Anawo amadziwa dzina la galu aliyense m'dera lonse, mayi ake, ndiponso nkhuku ya ndani yomwe anadya. Eni agaluwo amakhala ali kunyumba, pakhonde, akufotokozera aneba kuti jakisoni amapha ukali wa galu. Ndi omwewonso amathira tsabola m'chakudya cha galu, ena mpaka chamba, kuti aziuwa mwamphamvu. Galu wotere akaluma mwana wa pakhomo pomwepo amati walodzedwa.

Bodza lalikulu m'tauni muno limanenedwa mlendo akaodira, galu akubangula kumiyendo kwake: "Saluma ameneyo, ingolowani." Amanena zimenezi munthu ali chikhalire, kapu ya tiyi ili m'manja.

Tsiku lomwe wosalumayo waluma mwana wa aneba, pamakhala msonkhano. Mfundo yoyamba ndi yakuti mwanayo ankafuna chiyani pafupi ndi mtengo wa magwafa. Yachiwiri ndi yakuti nkhuku za makolo a mwanayo zinadya ndiwo za m'dimba chaka chatha ndipo palibe analipira. Kenaka wina amafunsa khadi la katemera. Amalifuna m'kabati, pakati pa mabilu a madzi, m'Baibulo, pansi pa matilesi. Likapezeka, limakhala la galu amene anafa kalekale, ndipo mwini wake amati palibe vuto poti onsewo ndi a Tiger. Agogo ena amalamula kuti amete ubweya wa galuyo, autenthe, phulusa alipake pabala. Anyamata amakhala atatola kale miyala.

Nthawi yonseyi mwana ali chiimire, magazi akuuma pamwendo, ndipo sopo ali pomwepo pamwala wochapira.

Dokotala aliyense wa ziweto adzakuuzani zomwe msonkhanowo umaiwala. Balalo litsukidwe nthawi yomweyo ndi sopo pamadzi oyenderera kwa mphindi 15, osati kungonyowetsa. Mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo akayambe jakisoni, ndipo amalize onse ngakhale bala litapola. Galuyo amangidwe, aziyang'aniridwa masiku khumi, a zaziweto adziwitsidwe. Mukamugenda n'kumutaya kudzala ndiye kuti mwataya umboni. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro, munthu akayamba kuopa madzi, palibe mankhwala, kaya ku Queens kaya ku Johannesburg. Bungwe la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, anayi mwa khumi alionse ndi ana osafika zaka 15, ndipo pafupifupi onsewo amakhala atalumidwa ndi galu. Mukanena zimenezi pamsonkhano paja, onse amagwedeza mitu n'kubwerera ku nkhani ya magwafa.

Pa 28 September dziko lonse limakumbukira tsiku lolimbana ndi chiwewe. Akuluakulu amavala malaya olembedwa uthenga, amalankhula, amalandira fanta ndi kanganyase, agalu awo ali m'makhola a malata kunyumba osabayitsa.

Aneba anga a kuseri kwa mpandaku, ndikudziwa kuti mumawerenga tsamba lino chifukwa nyuzipepala mumabwereka yanga. Galu wanu Danger walowanso kwanga usiku wathawu ndipo mphika wa nyemba wautsuka. Za nyembazo tikambirana. Koma akadzalengeza za katemera pasukulu paja, gwirani chingwe nokha mupite naye, musatume mwana. Mukapanda kutero ndimutenga ndine, ndipo pakhadi ndikalembetsa dzina langa.