Maina Aulemu a Munthu Wakumchira

Miyala yambiri ya chrome yokumbidwa m'migodi yozungulira Rustenburg imagulitsidwa ku China, ndipo popeza malonda enieni ndi opatsana, mlembi wa danga lino, amene amachita lendi kachipinda ka malata ku Photsaneng, mudzi wa m'dera la Abafokeng, waona kuti n'koyenera kuitanitsako mawu angapo a Chitchaina okhudza luso lokhalo limene iye ali nalo, ndilo kukhala kumchira.

Mawu wamba ndi zuihou, kutanthauza pambuyo pa onse, koma alipo ena aulemu kuposa amenewa. Daoshu diyi ndi "woyamba powerenga chobwerera m'mbuyo", ndipo mlembiyu akanawadziwa ali mwana, bwenzi tsiku lotsekera sukulu akuuza makolo ake kuti wakhala nambala wani popanda kunama ngakhale pang'ono. Diandi ndi chinthu choyala pansi kuti zina zikhale pamwamba, monga nkhata pansi pa mtsuko, ndipo umenewu ndi udindo umene iye anausenza mokhulupirika kuyambira Sitandade 1 mpaka 8.

Mwambi wokoma kwambiri ndi ming luo Sun Shan, kutanthauza kuti dzina lagwera kuseri kwa Sun Shan. Akuti m'nthawi ya mafumu a Song (960–1279), Sun Shan anakalemba mayeso a boma pamodzi ndi mwana wa munthu wa kwawo, ndipo dzina lake linali lomaliza pa mndandanda wa okhoza, pamene mnzakeyo analephera. Atabwerera, bambo wa mnyamatayo anafunsa zotsatira, ndipo Sun Shan, posafuna kumulasa mtima, anangoti mndandanda unathera pa iye, ndipo mwana wawo ali kuseri kwake pang'ono. Pano mlembi ayenera kuvomereza mochita manyazi kuti ngakhale Sun Shan amene anamuposa, chifukwa chaka chimene maina a osankhidwa kupita ku sekondale anatuluka, iye anawerenga pepala lonse kawiri, kenaka analitembenuza kuti aone ngati kuseri kuli ena.

Mawu amene iye amawakonda koposa ndi dianhou, amene amanena za msilikali wotsalira m'mbuyo dala kuti ateteze anzake pothawa nkhondo. Confucius anayamikira Meng Zhifan, wa dziko la Lu, chifukwa atachita zimenezi anakana ulemu n'kunena kuti hatchi yake ndiyo inali yaulesi. Mlembi alibe hatchi, choncho akafika mochedwa pa mzere wa minibasi zopita ku Rustenburg, n'kupatsidwa kampando kopinda kapakhomo kamene kamamukakamiza kutsika nthawi iliyonse wina akafuna kutsika, mlandu amaupereka kwa nsapato zake.

Akuluakulu anati kugona pakati n'kuyambirira, koma mwambiwu unamufika mochedwa, monga zonse zimamufikira. Pamene Amalawi anzake khumi anayambitsa chipeleganyu, chimene kuno amachitcha stokvel, iye anafika atagawana kale miyezi, ndipo anapatsidwa mwezi wa khumi ndi chimodzi. Awiri amene analandira koyambirira anakwera basi ya ku Lilongwe ndipo mafoni awo sakugwiranso. Mlembi anayesa kufotokozera mkazi wake kuti ku China munthu wotere amatchedwa dianhou, mtetezi wa gulu, koma mayiyo anangomuuza modekha kuti, "Bambo a ana, mawu amenewo mukawafotokozere eni nyumba pa 30, mwina iwo amamva Chitchaina."