Katswiri wa Rio de Janeiro wosadziwa mkati mwa ndege

Ndiulule ndekha ena asanandiululire. Ine amene ndakhala ndikulangiza anthu mmene angayendere mumzinda wa Rio de Janeiro, ku Brazil, sindinakwerepo ndege. Kutali kumene ndinafika kunja kwa Malawi ndi ku Vila Ulongwe, kuseri kwa malire a Dedza, ndipo ndinapita pa matola kukagula kachewere. Koma mutandidzutsa pakati pa usiku n'kundifunsa masiteshoni a sitima ya pansi pa nthaka a ku Copacabana, ndikhoza kukutchulirani ndili chitsinzinire: Cardeal Arcoverde, Siqueira Campos, Cantagalo.

Matendawa anandigwira mu 1982. Kuno kunalibe wailesi ya kanema nthawi imeneyo, mpira wa World Cup tinkangoumvera titazungulira wailesi ya mabatire. Tsiku limene Italy inagonjetsa Brazil 3-2, Paolo Rossi atagoletsa zigoli zonse zitatu, ine nsima sindinadye. Ndinali nditakonda Zico osamuonapo nkhope. Nditamva kuti kwawo ndi ku Rio, ndipo anakulira mu timu ya Flamengo imene imasewera pa bwalo la Maracanã, ndinayamba kutola chilichonse chokhudza mzindawo: tizidutswa ta nyuzipepala zokulungira nsomba, mapu ong'ambika, ndipo masiku ano intaneti, imene imandidyera ndalama za penshoni.

Zonsezi zinali zongosowetsa mtendere mayi akunyumba mpaka pamene mwana wa mlongo wanga anasankhidwa kuntchito kwawo kuti akakhale nawo pa msonkhano ku Rio. Atabwera kudzatsanzika anati, "Amalume, ndamva kuti inu za kumeneko mumazidziwa." Mtsikanayo ankangonena mwaulemu. Ine ndinazitenga ngati wandilemba ntchito.

Ndinayamba ndi njira. Palibe ndege yochoka ku Lilongwe kapena ku Blantyre molunjika ku Brazil. Umadzera ku Johannesburg kapena ku Addis Ababa n'kukatera ku São Paulo, ndipo kuchokera ku Johannesburg ndi maola pafupifupi 10, ambiri mwa iwo uli pamwamba pa madzi okhaokha. Msampha uli pa São Paulo. Ndege zakunja zimatera ku Guarulhos, koma zambiri zopita ku Rio zimanyamukira pa bwalo lina, la Congonhas, lomwe lili mkati mwa mzinda, ndipo pakati pa mabwalo awiriwa pali msewu wodzaza magalimoto woti ukhoza kukudyera maola. Ku Rio nakonso mabwalo ndi awiri: Galeão, lomwe lili pachilumba, ndi Santos Dumont, pafupi ndi pakati pa tawuni. Wogula tikiti awerenge bwino zilembo zitatu zija zimene zimasonyeza bwalo, apo ayi adzaima pamzere wolondola koma pabwalo lolakwika.

Ndili mkati mofotokoza, mayi akunyumba anaika thireyi ya tiyi patebulo n'kunena kuti, "Abambo, muuzeninso za mwezi watha uja, mmene munakafikira ku Area 25 mukufuna ku Area 23." Ndinachita ngati sindinamve.

Za viza ndinangoti ayambe msanga, chifukwa Mmalawi salowa ku Brazil popanda viza. Za ndalama ndinakhalitsapo. Kwacha yathu kumeneko palibe angakusinthire. Ndalama yawo ndi real, imene inayamba mu 1994, ndipo eni dziko ambiri masiku ano salipira ndi mapepala. Amalipira pa foni kudzera mu njira yotchedwa Pix, imene banki yawo yaikulu inakhazikitsa mu 2020, ndipo ngakhale wogulitsa madzi a kokonati m'mbali mwa nyanja amalandira. Vuto ndi loti mlendo kawirikawiri alibe CPF, nambala ya msonkho imene munthu amafunsidwa potsegula akaunti, ngakhalenso pogula simu khadi m'masitolo ambiri. Choncho khadi ya ku banki ikhalepo, ndalama zamanja zochepa zikhalepo, ndipo akakufunsa pa kamakina kuti "crédito ou débito", wa khadi yakunja amayankha kuti crédito. Mawu amenewa ndinawabwereza pakhonde mpaka galu wathu anayamba kugwedeza mchira akawamva. Chipwitikizi changa chonse n'chongotola kwa ogulitsa a ku Angónia, koma chikundithandiza kukumbutsa anthu kuti ku Brazil salankhula Chisipanishi, ndipo Chingerezi sichikufikitsa patali mumsewu.

Kulangiza pakamwa sikunandikwanire. Ndinaganiza zoti pakhomo pano tiyeserere.

Ku Rio kuli malo odyera ambiri kumene munthu amadzigawira yekha chakudya, mbale n'kuiika pasikelo, n'kulipira molingana ndi kulemera kwake. Amati por quilo, ndipo kwa mlendo wosadziwa kuwerenga mndandanda wa zakudya ndiye njira yosavuta, chifukwa umatenga chimene maso aona. Ndinabwereka sikelo ya wogula soya, n'kulamula kuti aliyense ayeze mbale yake tisanadye. Adzukulu anasangalala. Mbale yolemera kuposa zonse inali yanga, ndipo mayi akunyumba anangoti, "M'nyumba muno nsima sitigulitsa," n'kubweza sikelo kwa mwini wake. Komatu mfundo yanga inali yoona: Mmalawi sangafe ndi njala ku Rio. Chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku ndi mpunga, nyemba zakuda, kanyama, ndi farofa, womwe ndi ufa wa chinangwa wokazinga. Chinangwacho kwawo n'komweko, kuno chinachita kubwera ndi Apwitikizi. Pa bilu amawonjezera 10 peresenti ya operekera zakudya, musayese kuti akuberani. Madzi mumwe a m'botolo kapena osefa, ndipo m'zimbudzi zambiri pepala saliponya m'madzi, amaliika m'kabini kamene kali pambali. Lamulo limeneli ndinafunanso kuliyeserera, koma chimbudzi chathu n'chokumba.

Kenaka ndinatulutsa banja lonse kumsewu. Ku Brazil magalimoto amayendera kumanja, ndiye ife ozolowera kuyang'ana kumanja poyamba tiyenera kuphunzira kuyamba kumanzere. Ndinawolotsa adzukulu msewu wafumbi wa kwathu kangapo konse, ndikufuula kuti "Kumanzere!", mpaka wa kabaza wina anaima kufunsa ngati pali maliro. Za magetsi ndinangodutsapo: ku Rio ndi 127 volts, ndipo masoketi awo ndi a timabowo tozungulira, pulagi yathu ya mano atatu amakona silowa. Tchaja ya foni imagwira ntchito ukapeza adaputala, koma simbi musavutike kunyamula.

Pa nkhani ya akuba ndi pamene ulemu wanga unathera. Ku Rio olanda mafoni ndi achangu, ena amayenda pa njinga zamoto, ndipo malangizo a eni mzinda ndi akuti usayende foni ili m'manja mumsewu. Ukafuna kuona mapu, lowa kaye m'sitolo. Kunyanja pita ndi ndalama zochepa, pasipoti usiye kuhotela n'kutenga fotokope, ndipo akakuopseza pereka, usalimbane nawo. Apolisi ndi 190, ambulansi ndi 192. Pofuna kusonyeza luso la kabisidwe, ndinalowetsa foni yanga m'sokosi palibe akuona. Madzulo ndinaiwala. Ndinagudubuza nyumba yonse, ndinafunsa mdzukulu wanga wamkulu mafunso a kupolisi mpaka misozi inalengeza, ndipo foniyo inadzalira pa akakolo anga tili pakati pa pemphero la usiku. Mnyamatayo ndinamugulira fanta sabata yonse. Mpaka lero akandiona ndikufuna chinthu amati, "Agogo, mwayang'ana m'sokosi?"

Za favela, midzi yothithikana imene inakwera m'mapiri a mzindawo, ndinalankhula modekha. Mapu a pa foni nthawi zina amalondolera galimoto kudzera m'madera olamulidwa ndi magulu a mfuti, choncho mlendo asatsatire njira yachidule imene sakuidziwa. Koma anthu ambiri okhala ku Rocinha ndi madera ena otero ndi omwe amaphika m'mahotela, kuyendetsa mabasi ndi kulera ana a olemera. Maulendo aja olipira kuti ukajambule umphawi wa anzako ine sindigwirizana nawo. Tiganize mmene tingamvere alendo atabwera pa jipi ku Mtandire kudzatijambula tikuchapa.

Zotchuka zija aliyense amazidziwa. Chiboliboli cha Cristo Redentor, cha mamita 30, chinatsegulidwa mu 1931 pamwamba pa phiri la Corcovado, ndipo kasitima kokwera kumeneko kamanyamukira ku Cosme Velho. Musanagule tikiti yang'anani kumwamba, chifukwa mitambo ikaphimba phirilo mukangolipirira nkhungu. Ku Pão de Açúcar amakwera pa kangolo koyenda pa chingwe kuyambira mu 1912. Kunyanja mukaona mbendera yofiira musalowe, madzi ake amakokera munthu pakati. Udzudzu wa dengue umaluma masana, ndiye neti yokha sikwanira. Kumeneko kumatentha kwambiri kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo nthawi ya Carnival ndi ya chaka chatsopano mitengo ya malo ogona imapenga.

Pali malo amodzi amene nditawatchula mwana wa mlongo wanga anatulutsa cholembera, ndipo ndi okhawo amene analemba. Ku doko lakale kuli Cais do Valongo, miyala imene inayalidwa mu 1811 kuti pazitsikira akapolo. Inakwiririka kwa zaka zambiri mpaka mu 2011 pamene ogwira ntchito yokonza dera la doko anaifukula, ndipo mu 2017 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wake, likunena kuti Aafirika pafupifupi 900,000 anatsikira pamenepo. Ambiri anachokera ku Angola ndi ku Congo, koma m'zaka zimenezo zombo zinkachokeranso ku Quelimane ndi ku Ilha de Moçambique, ndipo mwa ogulitsidwa kumeneko munali Amakua, Ayao ndi anthu a m'chigwa cha Zambezi ndi cha kunyanja kuno. Chapafupi, ku Gamboa, banja lina likukonza nyumba yawo mu 1996 linapeza mafupa pansi. Anali manda a Pretos Novos, kumene ankataya amene anamwalira atangofika, asanagulidwe. Brazil inathetsa ukapolo pa 13 Meyi 1888, yomaliza m'maiko onse a ku America. Kuchokera pa Valongo ndi kamtunda koyenda pansi kukafika ku Pedra do Sal, kumene zidzukulu za anthu amenewo zinakulitsira samba, ndipo Lolemba usiku ng'oma zimalirabe. Ndinamuuza kuti ku Valongo akapite masana, ndi anzake, ndipo akaime kaye osajambula.

Mtsikanayo anapita. Rio ili m'mbuyo ndi maola 5, ndiye uthenga wake wa 10 koloko usiku unkandipeza 3 koloko m'bandakucha ndili maso. Ndinkamufunsa ngati wakwera bogi ya amayi okhaokha, imene sitima zawo zimakhala nayo. Anati akuyendera Uber. Ndinamufunsa za Maracanã, kumene Uruguay inaliza Brazil 2-1 mu 1950. Anati anaona denga lake ali m'galimoto. Ananditumizira chithunzi cha nsapato zimene anagula. Ku Valongo kokha anafikako, ndipo anandiimbira ali pomwepo.

Atabwerako anandipatsa jezi yofiira ndi yakuda ya Flamengo, kenaka anati, "Amalume, chaka chamawa tipitire limodzi, tikiti ndikuthandizani." Apa ndiye pagona nkhani imene ndimabisa. Pakamwa panga panayamba kutuluka zifukwa: chimanga chidzakhala chisanakololedwe, mbuzi zilibe woziyang'anira, madola akusowa m'mabanki, BP yanga siikhazikika. Mayi akunyumba anandisiya ndimalize, kenaka anati, "Mwanawe, amalume akowa amaopa ndege. Ngakhale pa mlatho wa Linthipe amatsinzina." Sindinatsutse. Maola onsewo pamwamba pa nyanja ya mchere, ine wosadziwa n'kusambira komwe, ayi ndithu. Jeziyo ndimavala popita kudimba.

Inu amene muli ndi mtima wolimba ndipo mukupitadi, pali chinthu chimodzi choti musachizengereze. Kabayitseni katemera wa yellow fever ndipo kabuku kachikasu kaja mukasunge pamodzi ndi pasipoti, chifukwa South Africa imakafuna kwa munthu wochokera ku Brazil, ndipo mukhoza kukanizidwa kukwera ndege yobwerera. Satifiketi yake imayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 chibayitsireni, ndipo kuyambira mu 2016 jakisoni mmodzi amakwanira moyo wonse. Ine ndinabayitsa kale.