Walira mvula walira matope, ngakhale pa chipale

Akuluakulu amene anati walira mvula walira matope sanapondepo chipale chofewa, koma mwambi wawo umakwana bwino kumapiri a ku Colorado ndi ku Austria, kumene anthu amatsetsereka atamangirira mapazi onse awiri pa thabwa limodzi lotchedwa snowboard.

Poyamba kunalibe zomangira. Pa Snurfer imene Sherman Poppen anapangira ana ake ku Michigan mu 1965, munthu ankangogwira chingwe chakutsogolo, zotsalazo n'kusiyira Mulungu. Zomangira zamakono zili ndi highback, chotsamira cholimba chimene chimaima kumbuyo kwa katumba. Kuseri kwake kuli kopotokola, kapena sikulu, koweramitsira chotsamiracho kutsogolo. Eni masewerawa amati forward lean.

Mvula yake ndi yokoma ndithu. Highback yowerama imapinditsa mawondo, ndiye munthu akangotsamira kumbuyo pang'ono, mphepete ya thabwa ya kuchidendene imakanirira m'chipale nthawi yomweyo, kukhota n'kukhala kwachangu. N'chifukwa chake ambiri opikisana mu halfpipe amaikonda yowerama. Ngalande imeneyi, imene Shaun White anawinamo golide wa Olimpiki mu 2006, 2010 ndi 2018, masiku ano makoma ake amatalika mamita 6.7, ndipo pokwera khoma lotere chidendene chozengereza sichifunika.

Wophunzira dzana akangomva zimenezi amapotokola mpaka kumapeto. Matope sachedwa. Dzuwa lisanapendeke ntchafu zayaka moto, highback yamuluma akatumba, ndipo pamzere wodikira chikepe chokwerera phiri sangathe n'kuwongoka komwe. Amangoima chonjuta ngati mkamwini amene watulukiridwa ndi apongozi panjira, kusiyana kwake n'kwakuti apongozi amadutsa, pomwe sikulu ija ili pompo mpaka madzulo.

Anyamata odumphira pa njanji ndi mabokosi amamuseka. Iwo highback amaiimika njo, kuti miyendo imasuke posewera. Koma nawonso analira mvula yawo. Akafika pa chipale chouma gwa, chidendene chimachedwa kugwira, thabwa n'kupulumuka, matako pansi khu!

Ozolowera amasuntha pang'onopang'ono: kamodzi kokha, mofanana kumapazi onse awiri, n'kuona kuti highback yagunda nsapato popanda mpata, kenako kutsika phiri kamodzi kuti miyendo ipereke ndemanga. Ambiri amayenda ndi kasikuludiraiva m'thumba la jekete. Koma kumasula sikulu yaing'ono pamwamba pa phiri, zala zitauma ndi kuzizira, kuli ndi matope akenso: ikangogwera m'chipale, mwiniwake amatsika wapansi thabwa lili m'khwapa.