Caps Lock Walandidwa Malo

Pa kiyibodi palibe batani lodedwa ngati Caps Lock. Linapatsidwa malo abwino, pafupi ndi chala chaching'ono cha dzanja lamanzere, koma ntchito yake yaikulu n'kukalipira anthu mwangozi m'zilembo zikuluzikulu. N'chifukwa chake ogula makiyibodi otha kusintha ntchito za mabatani amayamba ndi kulilanda malowo: ena amaikapo Escape, ena Ctrl. Shai Coleman, potulutsa kasanjidwe ka zilembo ka Colemak mu 2006, anaikapo Backspace. Google nayo inalichotsa pa makompyuta a Chromebook n'kuikapo batani lofufuzira.

Matenda osinthasintha mabataniwa sathera pomwepo. Pulogalamu yaulere ya QMK, imene anaiyambitsa Jack Humbert, imalola batani limodzi kugwira ntchito ziwiri: munthu akaligunda limalemba chilembo, akalipanikiza limasanduka Shift. Kiyibodi ya Humbert yotchedwa Planck ili ndi mabatani 47 kapena 48 okha. Manambala alibe mzere wawo, moti wofuna kulemba 7 ayenera kuyamba wakumbukira kumene anamubisa.

Mwini kiyibodi yotere amachezera usiku wonse kusanja mabatani kuti azilemba mofulumira, lipoti la abwana lisanayambidwe n'komwe. Mnzake wa mu ofesi akabwereka kompyutayo amalephera ngakhale kulemba dzina lake.