Atsibweni, Wotchi Musaikepo

Johannesburg
South Africa

Okondedwa Atsibweni,

 Kuno ndilipo, maluwa a abwana akukula, galu wawo akunenepa kuposa ine, ndipo mwezi uno palibe wandiimitsa panjira kufunsa mapepala. Tithokoze Mulungu.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndinaumva wonse, ngakhale unandithera bandulo. Moni unali wa mawu awiri, zotsalazo zinali za simenti. Mukuti komiti yagwirizana zomanga chipilala pabwalo la tchalitchi chokumbukira anthu a m'mudzi mwathu amene anapita ku nkhondo za azungu osabwerako, ndipo mukuti ife a ku Joni tisonkhe kawiri chifukwa kuno marandi timachita kutola pansi. Ndasesa mabwalo ambiri mumzinda uno, Atsibweni, koma chomwe ndimatola ndi masamba. Komabe nkhaniyi ndaikonda ndipo ndisonkha. Chandidetsa nkhawa ndi pulani imene mwajambula kuseri kwa kalendala ija.

Mukufuna nsanja yonga ya ku Area 18, ya wotchi pamwamba. Ija inamangidwa ndi boma m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndipo kutsogolo kwake kwaima chiboliboli cha Kamuzu. Ya ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, ya njerwa zofiira, yokumbukira asilikali a King's African Rifles, nayonso ili ndi wotchi, koma kumeneko kuli asilikali amene kusunga nthawi ndiyo ntchito yawo. Nanga kwathu wotchi ndi ya ndani? Mapemphero a 8 koloko amayamba a mfumu akafika. Batire likadzatha padzafunika komiti ina, komitiyo idzafuna msungichuma, msungichumayo adzandiimbira ine. Wotchi ayi, chonde.

Zipilala kuno ndaziona, chifukwa Lamlungu munthu ukakhala wopanda ndalama umangoyenda. Pakati pa tawuni, pa Beyers Naudé Square, pali china cha mwala cha mu 1926, chotengera cha ku London chimene anajambula Edwin Lutyens. Ndi chiliza chachitali chopanda maliro pansi pake, chifukwa eni ake anaikidwa kutali kumene anafera. Pamenepo ndiye ndinaona kuti azungu nawo amaganiza ngati ife, poti munthu akafera kutchire sitingokhala chete, timamanga kanthu koti mzimu wake usadandaule. Masiku ano pamakhala nkhunda ndi anthu odikira ntchito.

China chili ku Saxonwold, dera lomwe ndimagwira ntchito, moyandikana ndi kosungirako nyama zakutchire. Chili ndi makomo anayi ndi mngelo wachitsulo pamwamba, ndipo anajambula ndi Lutyens yemweyo. Poyamba chinkakumbukira asilikali a mbali ya Angerezi okha amene anafa pa nkhondo yawo ndi Mabunu ya 1899 mpaka 1902. Mu 1999 ndi pamene anadzati ayi, chikhale cha onse, akuda ndi oyera, amayi ndi ana. Za mngelo musazitengere. Mmisiri wathu uja anaumbapo mkango pa chiliza cha agogo aakazi, mpaka lero ana amati ndi mbuzi ya bere.

Chimene chinandikhudza chili ku manda a Avalon ku Soweto. Ndi khoma chabe, lokhala ndi mayina a anthu amene anamira ndi sitima ya Mendi pa 21 February 1917 pafupi ndi England, itawombedwa ndi sitima ina mu nkhungu. Anthu akuda opitirira 600 anathera m'madzi ozizira amenewo. Sanali ndi mfuti, ankapita ku France kukasenza katundu ndi kukumba. Khomalo anadzalitsegulira Mfumukazi Elizabeth II mu 1995, patatha zaka 78. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za agogo anu aja, amene munkatiuza madzulo kuti amesinjala a boma anawagwira ali kudimba, khasu lili m'manja.

Nkhani yake ndi imeneyo, Atsibweni. Pa Nkhondo ya Chiwaya ya 1914 mpaka 1918, dziko lathu linapereka asilikali pafupifupi 19,000, koma a mtengatenga anali pafupifupi 200,000. Amenewa ndiwo ankasenza ufa, zipolopolo ndi mahema pamutu, wapansi, kulowera ku Karonga mpaka m'dziko la Ajeremani lomwe lero ndi Tanzania, ena ku Mozambique. Ambiri sanafe ndi chipolopolo, anafa ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala, n'kukwiriridwa m'mbali mwa njira popanda wolemba dzina. John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu November 1914 kudandaula kuti amphawi akufera nkhondo ya eni, ndipo tonse tikudziwa mmene zinamuthera. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera lokha kuti anthu osachepera 116,000, ambiri a iwo Aafirika, sanakumbukiridwe ndi mayina monga anachitira ndi azungu. Tsono ife eni ake tikamanga chipilala n'kulembapo a yunifolomu okha, amene anabwera ndi mamendulo a ku Burma pa nkhondo yachiwiri n'kutisiyira ligubo la mganda, tidzakhala tawagwiranso agogo aja kachiwiri.

Ku Cape Town anayesa kukonza cholakwacho mu January 2025. Anazika mitengo 1,772 ya iroko m'munda wa pakati pa mzinda, mtengo uliwonse dzina la wantchito mmodzi wa nkhondo yoyamba. Ndinaonera pa TV ya abwana ndikupukuta mawindo. Ndi zokongola, koma kwathu musayerekeze. Chiswe chikaisiya, nyengo ya fodya ikadzafika mudzapeza ngwazi zathu zonse zasanduka mphanda za chigafa.

Maganizo anga ndi awa. Mangani khoma lalifupi la njerwa zootcha, lofika m'chifuwa mwa munthu, kuti mwana wa Sitandade 3 athe kuwerenga osakwera pampando. Maziko akhale a miyala, pamwamba muikepo simenti yopendekeka kuti mvula isamakhalepo. Mayina muwagobe simenti ikadali yaiwisi, osati penti, poti penti imatha zisanakwane zisankho ziwiri. Mulembe dzina ndi mfunda, Phiri, Banda, Mbewe, Nkhoma, popanda kusiyanitsa sajeni ndi wosenza mphika wa sajeniyo. Musiye malo pansi, chifukwa anthu akadzaona mayina a anzawo adzakumbukira awo.

Pali nkhani ina yovuta imene komiti ikuizemba. Theka la anthu amenewa sanapondepo m'tchalitchi. Agogo anu anali munthu wa kudambwe, ndipo inu nomwe munkati anzawo ena anapulumuka mtengatenga pobisala kumanda, kumene mesinjala sakanalimba mtima kulowa. Mukawatsekera mkati mwa mpanda wa tchalitchi adzadabwa kuti anabatizidwa liti. Khomalo likhale m'malire, mbali ya kumsewu, kuti wa kwaya ndi wa ng'oma onse aimepo popanda kupempha chilolezo. Pa 11 November mukhale chete mphindi ziwiri nthawi ya 11 koloko, ngati azakhali angakwanitse.

Mndandanda umene mwanditumizira uunikidwenso. Ndaonapo munthu amene mbumba yake yomwe imati nkhondo itatha anakwatira ku Bulawayo n'kubereka ana asanu ndi awiri. Ameneyo ndi mtchona, si ngwazi. Tikayamba kulemba matchona khomalo lidzafika pa Mpingu, ndipo ine ndi anzanga a kuno tidzafunika mzere wathu. Ngati mukufuna kuonjezera a ku migodi, yambani ndi amene anafa pa ngozi ya ndege ya Wenela ku Francistown mu April 1974, anthu athu opitirira 70 akubwerera kwawo, ngati alipo wa m'mudzi mwathu. Mayina a osonkha ndalama asalembedwepo ngakhale limodzi. Ndamva kuti wapampando akufuna lake likhale pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu. Muwauze kuti khomali ndi la akufa, ngati akufulumira anene.

Ndatumiza ya matumba 10 a simenti pa Mukuru. Mukagule pa Nsaru, ndipo lisiti mulijambule, osati matumba a eni sitolo inu mutaima pambali. Benchi la okalamba mukapangitse kwa akalipentala a pa Namitete, ndidzalipira mwezi wamawa. Koma musanagule kanthu, tumani mwana wa sukulu ndi kope akakhale pansi ndi agogo aakazi onse otsala, kuyambira kwathu mpaka kwa abale athu a ku Kabudula ndi ku Nambuma, alembe mayina mvula isanayambe.

Moni kwa amayi, muwauze kuti bulangete likubwera ndi basi.

Ine mphwanu wa ku Joni.