Mmene Mungawonongere Gumbagumba ya Agogo

M'nyumba zina zakale za ku Chilomoni, kuyambira ku Nthukwa mpaka m'munsi mwa phiri la Michiru, mukadali magumbagumba: kabati yaitali ya miyendo inayi, wailesi mbali ina, choyimbira mbale pansi pa chivundikiro. Ambiri anabwera ndi makolo athu kuchokera ku Joni ndi ku Halale, ena a Supersonic opangidwa ku Bulawayo, ena a Philips kapena Grundig. Apirira zaka 50 kapena kuposa. Kuwawononga sikulira munthu woipa mtima, ndipo ndikulemba njira zake mtima ukuwawa, chifukwa zonse zimagwiradi ntchito.

Yambani ndi malo. Gumbagumbayo ikankhireni kukhoma la chinyezi, kapena kuchipinda chosungira makala komwe denga limadontha. Makabati ambiri si a thabwa lolimba ngati la mbawa. Mkati ndi pulayi kapena utuchi wopanikiza, ndipo kukongola konse kuli pa kakhungu kopyapyala ka thabwa komatidwa pamwamba. Dzinja limodzi ndi chiperoni cha mu June zikadutsa, guluu amaleka kugwira, khungulo limatukuka, miyendo imayamba kugwedera. Pamwamba ikanipo chitini cha maluwa ndipo muzithirira pomwepo. Chiswe chidzamaliza zotsala.

Njira yachangu koposa ndi ya magetsi. Mukangoipukuta fumbi, ilumikizeni kusoketi nthawi yomweyo kuti mumve ngati ikulirabe. Musaitane mmisiri wa mawailesi. M'kati muli makapasita amene amauma akakhala zaka osagwira ntchito, ndipo magetsi akawafikira mwadzidzidzi amatha kuphulika kapena kukoka moto wochuluka mpaka thiransifoma kupsa. Mawaya akale nawo amakhala atasuluka, pena makoswe atawatafuna. Fyuzi ikapsa, ndiye kuti ikuteteza zonsezi, choncho mangani kawaya m'malo mwake n'kuyatsanso. Mukamva fungo la kupserera dziwani kuti mwamaliza ntchito, pakuti thiransifoma ya mtundu umenewo simungaipeze msanga mu Limbe kapena mu Blantyre. Ndinene poyera kuti njira imeneyi yokha imatha kuvulaza munthu, chifukwa mawailesi a mavavu amakweza magetsi kufika mavoti mazana angapo.

Ikakana kulira, ichotseni zam'kati zonse. Zitsulo ndi kopa gulitsani kwa anyamata oyenda ndi sikelo, ndipo mu kabatimo muikemo sipika ya Bluetooth. Galasi la masiteshoni, lomwe pa ena lili ndi mayina a mizinda yakutali, litayeni kudzala. Pagalasi limenelo ndi pomwe makolo ankasakira MBC itangoyamba mu 1964, ndi LM Radio ya ku Lourenço Marques isanatsekedwe mu 1975. Likasweka n'kovuta kupeza lina.

Kenako kunja. Tengani sandipepa wokhakhala mukhule mwamphamvu mpaka utuchi uonekere, mupakepo penti yamafuta yofanana ndi ya chitseko. Nsalu yolukidwa ya pasipika ing'ambeni. Ngati yanu ndi ija yokhala ndi kanema, cheketsani kutsogolo kuti mulowe TV yatsopano. Zoterezi n'zosowa kwambiri kuno, popeza Television Malawi inayamba mu 1999, pomwe ku Rhodesia kanema anayamba mu 1960, ndiye mukhala mutaononga chinthu choti ochepa okha anachionapo.

Mbale sizivuta. Za 78 zimasweka zikangogwa. Za 45, za kanindo ndi simanjemanje, zisanjikizeni pawindo lolowa dzuwa, zipindika zokha.

Chomaliza ndi chimene chimandipweteka koposa. Musawafunse agogo kanthu akadali moyo: kuti anagula kuti, anasunga malipiro a miyezi ingati, inayenda bwanji pa sitima mpaka kufika kuno. Ulendo wa Wenela, wopita kukagwira ntchito ku Joni, unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi obwerera kumudzi, ndipo anthu odziwa za masiku amenewo akutha. Malisiti, zitupa ndi zithunzi zomwe mungapeze mu dilowa, kolezerani mbaula. Wogula zinthu zakale akaima ndi galimoto pachipata, landirani mtengo woyamba umene watchula, achibale ena asanamve, ndipo musamufunse komwe akupita nayo.